Womwa Tiyi wa pa Khoma la Mai Dailes

Khoma la tiyirumu ya Mai Dailes pa Manjawira linakhala nthawi yaitali lili lathekatheka. Kumanzere kunali ketulo yaikulu yobiriwira, nthunzi ikutuluka, yoti munthu n'kufuna kuigwira ndi kansalu. Kumanja kunali laimu yekhayekha, mbee, ndi timizere ta choko timene mvula inali itayamba kale kunyambita. Aliyense pamsikapo ankadziwa chifukwa chake. Mwini ntchitoyo, a Maynard Ngozo, anagwa pamakwerero tsiku lina masana bulashi ili m'manja, ndipo pochokera kuchipatala dzanja lamanja linali litapindikira pachifuwa, mwendo ukukwakwaza, pakamwa patakokekera mbali imodzi. Adokotala anati ndi sitiroko.

Amenewa sanali munthu wamba, ndikuuzeni. Mbuzi za pamabutchala, mitu ya pamalo ometera, nsapato, njinga, zonse mukuziona m'makoma kuchokera pa Manjawira mpaka kufupi ndi Balaka, linali dzanja lawo. Ngakhale atabwera a mafoni n'kumapaka sitolo iliyonse mtundu wa kampani yawo, ngakhale a zipani atayamba kudinda nkhope zawo pamakina, anthu ankabwerabe kwa a Maynard, chifukwa mbuzi yawo inkaoneka mbuzi, osati galu wodwala. Tsopano ankangokhala pakhonde, maso ali kumsewu.

Mkazi wawo, Lufina, amake Tisunge, ndiye ankawasambitsa, kuwameta ndevu ndi kuwadyetsa. Kagalasi kodziyang'anira kamene kankakhala pazenera anakabisa pansi pa sutikesi tsiku lomwe anabwera kuchipatala, n'kunena kuti kasweka. M'mawa uliwonse akamawapukuta kumaso ankati, "Pakamwapa pakubwereratu, bambo a Tisunge. Lero pali bwino kuposa dzulo." Linali bodza, koma ankalinena ndi mtima wonse.

Ndiye kunabwera a Julius, mkulu wawo wa a Maynard, mlimi wa kachewere wa ku Biriwiri, pa pikapu yawo yonunkha dothi lonyowa. Anakhala pampando, anakana madzi, n'kuyamba.

"Alamu, tisazungulire. Munthuyu ndi wathu. Kuno mukukhala nyumba ya lendi, munda mulibe, ntchito yaima. Kumudzi kuli alongo ake, chakudya chilipo. Ndikakumba kachewere ndibwera kudzamutenga."

"Nanga ine, alamu?"

"Inu mukapumeko kaye kwanu ku Kasinje. Mwatopa."

Ha! Kupuma kumeneko Lufina ankakudziwa. Abale a ku phiri aja sanamukondepo kuyambira kalekale, mwana wa kuchigwa wolima mpunga amene anatsekereza m'bale wawo patauni. Akangokwera pikapu ija bamboyo, banja latha, popanda ndi mmodzi yemwe wonena kuti latha. Tisunge anali kubanja lake ku Zomba, sakanatha kuletsa kanthu. Mantha anamugwira Lufina, ndipo mantha omwewo ndi amene anamuyankhulitsa.

"Ntchito sinaime. Khoma la Mai Dailes likudikira."

A Julius anaseka mpaka kutsokomola. "Alijambula ndi mwendo?"

"Mukadzabwera mudzalipeza latha."

"Chabwino. Likadzatha ndidzabwerera ndekha, ndipo simudzandimvanso. Ndanena pamaso pa mng'ono wangayu."

Atachoka, Lufina anagwada pafupi ndi mwamuna wake n'kuti, "Mundiphunzitse." A Maynard anatembenuzira nkhope kukhoma. Anapempha mawa lake, anapemphanso mkuja, koma zii. Ndiye anachita dala. Anasesa pabwalo, anatola kamtengo, n'kujambula ndowa pansi, pamaso pawo penipeni. Abale, ndowa imeneyo! Mbali ina inatupa, ina inafota, chogwirira chili uko. A Maynard anaiyang'ana, anayang'ana kumbali, anaiyang'ananso. Munthu amene wakhala moyo wake wonse ndi mizere sangapirire zoterozo. Anatola nsungwi yawo yoyendera ndi dzanja lamanzere n'kufufuta ndowayo mwaukali, kenako anaboola pansi timadontho tiwiri, kena apa, kena apo.

"Lumikizani," anatero. Mawu ankatuluka molemera, limodzilimodzi, koma ankamveka.

Lufina anaona ngati zachibwana, mpaka atayesa. Mzere wake unkayenda monyinyirika, pang'ono n'kuima, pang'ono n'kubwerera, n'kufika uli ndi ubweya ngati pamene papalasa nkhuku. Nsungwi ija inamugunda pamkono.

"Phewa. Osati zala. Phewa!"

Sanamve, ndiye a Maynard anamuuza kuti adule kansungwi kena, akamangirire kumkono ndi kansalu kuti dzanja lisapindike. Anamuuzanso kuti aziyang'ana kumene mzere ukupita, osati pamene kamtengo kali, ndipo asanakhudze pansi aziyamba wayendetsa mkono m'mwamba kangapo. M'mawa uliwonse Lufina ankasesa bwalo, kulidzaza mizere, kusesanso, kulidzazanso. Yopingasa, yoimirira, yopendekeka. Phewa linkachita kuyaka. Amayi a nyumba yoyandikana anayamba kudutsa chapatali ndi ana awo, ndipo kumjigo kunamveka kuti amake Tisunge akutsirika nyumba masanasana. Iye analibe nazo nthawi.

Mizere itayamba kuwongoka, a Maynard analoza kapu ya tiyi patebulo n'kumupatsa khala ndi pepala la thumba la simenti. Apa ndiye panabuka nkhondo. Lufina anajambula kukamwa kwa kapuyo kozungulira bwinobwino, kopanda pokhota, n'kumwetulira. A Maynard anapukusa mutu, n'kujambula ndi dzanja lawo lamanzere kanthu kophwatalala, kokhala ngati dzira logona.

"Iyayi, bambo a Tisunge, apa pokha ndikana," anatero Lufina. "Ine ndine mwana wa woumba mbiya. Mayi anga mphika ukatuluka kukamwa kotere ankauphwanya usanaume, kuti anthu asauone. Kapu iyi ndaitsuka zaka zingati? Ndi yozungulira!"

"Gwadani."

"Ndigwadirenji?"

"Gwadani. Maso... pamlomo wa tebulo."

Anagwada akung'ung'udza. Atafikitsa maso pamlingo wa kapu, kukamwa kuja kunasowa, kunangotsala kamzere. A Maynard anamuuza kuti adzuke pang'onopang'ono. Kamzere kaja kanayamba kutseguka, kukhala ngati diso la munthu wodzuka kutulo, kenako dzira, ndipo mpaka ataimirira n'kuweramira pamwamba pake m'pamene kunakhala kozungulira. Lufina anagwadanso, anadzukanso, anagwadanso. Manyazi ndi kudabwa zinamugwira pamodzi.

"Jambulani zimene mukuona," anatero a Maynard, akupuma pakati pa mawu. "Osati... zimene mukudziwa."

Kuyambira pamenepo m'nyumba munalibe chinthu chimene chinapulumuka. Mbale, sefuliya, lichero, mbaula, mpaka tayala la njinga ya aneba. Ankazunguza mkono m'mwamba kaye, kenako n'kutera papepala, kuzungulira kawiri osaima. Madzira ake oyamba ankatuluka osongoka m'mbali ngati nthanga za maungu, ndipo nsungwi inkalira patebulo. A Maynard sankayamikira. Akakhutira ankangoti "Hm," basi, ndipo Lufina ankagona ndi "Hm" ameneyo mtima uli m'malo. Chimene chinkamukondweretsa kwambiri n'chakuti bambo aja anayambanso kudya, kukalipa, ngakhale kuseka kumene.

Choko cha pakhoma chija chinkasonyeza kuti kumbuyo kwa ketulo kudutse msewu, ndiye a Maynard anamutuma kumsewu waukulu. Iwo anakana kupita nawo. Kuchokera pamene anadwala sanafune kuti anthu a pamsika awaone. Anamuphunzitsira pakhonde pomwepo kutambasula mkono, kutsinzina diso limodzi, n'kuyeza chinthu ndi chala chachikulu. Lufina anakaima m'mbali mwa phula n'kuona zimene anali atazipenya moyo wake wonse osaziona: mapolo a magetsi akufupika limodzi ndi limodzi, mbali ziwiri za msewu zikuyandikana mpaka kukakumana kutsinde kwa mtambo. Anabwera nalo pepala akuthamanga. Msewu unali bwino, mapolo anali bwino, koma kumapeto kwenikweni kunaima chimunthu chachitali kuposa polo.

"Uyu?"

"Ndi abusa. Amabwera chakumeneko."

"Ali kutali. Achepe."

"Abusa athunthu ndiwajambule ngati nyerere? Mukufuna andidule mumpingo?"

A Maynard anaseka mpaka misozi, malovu akutuluka mbali yofooka ija, ndipo Lufina anawapukuta ndi nsonga ya chitenje akusekanso. "Kutali kulibe ulemu," anatero bamboyo atapuma. "Aliyense... amachepa."

Panatsala chinthu chimodzi, chovuta kuposa zonse. Mai Dailes ankafuna kuti pakati pa khomalo pakhale bambo wakhala pabenchi akumwa tiyi, wooneka bwino, woti wodutsa aliyense amve njala. Choko cha munthuyo mvula inali itachotseratu. Nanga Lufina akanaphunzirira pa yani? Ana sakhazikika, akuluakulu akakuona ukuwayang'anitsitsa ndi khala m'manja amayesa zina. Munthu yekhayo amene ankakhala osagwedezeka anali mwamuna wake, akamawodzera pakhonde dzuwa likapendeka. Ndiye ankakhala pamphasa n'kumawajambula mwakachetechete, lero, mawa, mkuja, kutsata mzere wa chipumi, wa tsaya, wa phewa, monga mmene anamuphunzitsira. Akatha ankaponya pepalalo pambaula bamboyo asanadzuke. Sanaganizepo kuti akulakwa. Ankangoona kuti dzanja lake layamba kuyenda lokha, ndipo ankakondwa.

Uthenga unabwera kuti ku Biriwiri ayamba kukumba. Lufina anavala buluku la mwamuna wake mkati mwa chitenje, anasenza makwerero, n'kupita pamsika. A Maynard ankamusakanizira penti kunyumba ndi dzanja lamanzere, m'zitini za mkaka, iye n'kumanyamula. Akabaza a pasiteji anapeza chowaseketsa. "Mayi, tsikani mungathyoke! Kumeneko n'kwa amuna!" Tsiku lachiwiri anasekabe. Koma msewu utayamba kulowa m'khoma, mapolo akuchepa mpaka kukathera kuphiri, phokoso linachepa. Makapu atatera patebulo, kukamwa kwake kuli chogona, tiyi akuoneka m'kati, wina anati, "Koma mayiwa ndi dolo," ndipo panalibe anatsutsa.

Munthu uja anamusiyira kumapeto. Anamujambula m'mawa umodzi wokha, ndipo sanavutike naye n'komwe. Atatsika anawoloka msewu kukamuyang'anira patali, n'kuona bambo wabwino, wa maso ofatsa, wakhala ndi kapu yake. Mtima unamuuza kuti wakhoza. Anthu okha ndi amene ankayang'anizana modabwitsa. Mai Dailes anatuluka, anapukuta manja pa epuloni, anayang'ana khoma, anayang'ana Lufina.

"Amake Tisunge, mwaganiza bwino pamenepa?"

"Palakwika pati, mayi? Kapu?"

"Ayi, kapu ili bwino. Kaya, poti ndi inu eni ake."

Lufina anayesa nsanje ya chizimayi, ndipo sanafunsenso. Mmene mukudziwira, chinthu chimene umachiona tsiku ndi tsiku, n'kumachisambitsa ndi kuchidyetsa, diso limasiya kuchidabwa.

A Julius anafika mawa lake chakumasana, pikapu itatsitsa kale matumba pa Balaka. Lufina anawalandira ndi nkhope yowala. "Alamu, tiyeni mukaone. Ndipo bambo a Tisunge apite nawo, akaone ntchito ya wophunzira wawo." A Maynard anakanakana, koma iye anawakakamiza, anawaveka shati yoyera, anawapesa. Ankafuna kuti amve "Hm" uja pamaso pa anthu onse, ndiponso pamaso pa alamu akewo. Anawakweza kutsogolo kwa pikapu, iye n'kukwera kumbuyo.

Atafika, a Julius anatsika n'kuima manja m'chiuno. Lufina anawathandiza a Maynard kutsika, n'kuwatsamiritsa pagalimoto. Anthu anayamba kusonkhana, ena kudzapereka moni kwa munthu amene sanamuone nthawi yaitali. Kenako wakabaza wina, wopanda mnzake pakamwa, anayang'ana khoma, anayang'ana bamboyo, n'kukuwa mosangalala:

"Eee, ndimanena ine! Ndi a Maynard enieni! Taonani pakamwapo, taonani kadzanjako! Ndendende!"

Apo m'pamene Lufina anaona. Zinali ngati wagwadanso patebulo paja. Bambo wa pakhomayo anagwira kapu ndi dzanja lamanzere. Lamanja linali pachifuwa, zala zitafumbata. Phewa limodzi linagwa. Mlomo unatsetserekera kumanja, ndipo diso la mbali imeneyo linali lolefuka. Palibe chimene anawonjezera, palibe chimene anasiya.

A Maynard anatambasula mkono wamanzere, anatsinzina diso, n'kuyeza ndi chala, polo ndi polo, mpaka kumapeto kwa msewu. Anayeza makapu. Kenako anafika pankhope paja n'kukhalapo nthawi yaitali. Dzanja lija linatsika pang'onopang'ono, linafika pankhope pawo, n'kuyamba kupapasa mlomo, kutsata mmene watsetserekera.

"Ndi ine uyu?"

"Ayi, bambo a Tisunge, ndi munthu chabe, ndangomupeka..."

"Galasi lija. Silinasweke."

Lufina anayang'ana pansi. Anthu anayamba kubalalika mmodzimmodzi, ndipo wakabaza uja wina anamukoka shati.

"Ndifufuta," anatero Lufina. "Laimu alipo. Pompano, musanachoke pano, ndifufuta ndijambule wina. Ndikhululukireni, sindinaone, Mulungu akudziwa sindinaone."

"Munaona," anatero a Maynard. "Pakamwa panu... ndi pamene pamanama. Dzanja ayi." Anapuma, n'kuyang'ananso khomalo. "Musafufute. Mzere uliwonse uli m'malo. Mwakhoza, amake Tisunge."

Mawu amene anawadikira nthawi yonseyi anabwera choncho, ndipo anamupweteka kuposa nsungwi.

A Julius, tiwanenere zoona, anali munthu wosunga pangano. Anakanda m'mutu n'kuti, "Alamu, ndinaseka, koma mwandichititsa manyazi. Khoma latha. Ine ndibwerera ndekha monga ndinanenera."

"Achimwene," anatero a Maynard. "Munditenge."

"Iwe Maynard, mkazi wako wavutikira iwe."

"Munditenge. Ana a sukulu azindiloza pakhoma... azindilozanso panjira? Ayi."

Lufina anagwada pafumbi pomwepo, pamaso pa msika wonse, n'kugwira mwendo wawo. Analira osabisa. Anati atchinga khomalo ndi nsalu, anati asamukira ku Balaka kumene sawadziwa, anati ngati n'kupita apite onse, akagona ngakhale m'khitchini, akalima kachewere ngati mmene amalimira ena. A Julius anayang'ana kumapiri. A Maynard anaika dzanja pamutu pake.

"Ntchito... muisiyira yani?"

Ndipo ngati kuti mdierekezi anamutuma, mwini butchala wa tsidya la msewu, amene sanamve chilichonse, anafika akupukuta mpeni pathalauza. "Mayi, mukatha apa mundipezeko. Mbuzi yanga ija yafufutika."

Anabwerera kunyumba. Lufina analongedza yekha zovala za mwamuna wake, mankhwala, lumo lometera, bulangete chifukwa ku Biriwiri kumazizira. Atafika pansi pa sutikesi anapeza kagalasi kaja. Anakagwira kanthawi, n'kukaika pakati pa mashati. A Maynard anatenga nsungwi yawo n'kumupatsa. Iye anakana, nanga akayendera chiyani, koma anamufumbatitsa, n'kuti kumudzi nsungwi n'zambiri.

Anawaperekeza mpaka paphula. Anauza a Julius za mankhwala a m'mawa ndi a madzulo, za phala kuti lisamalimbe, za ndevu kuti azimeta motsitsa. A Julius ankangoti, "Ndamva, alamu, ndamva," osamuyang'ana kumaso. A Maynard anali atakhala kale kutsogolo, mbali yabwino ya nkhope ili kwa iye. Sanatembenuke.

Pikapu inalowa mumsewu n'kulunjika kumpoto, cha ku Boma. Lufina anatsala ataima m'mbali mwa phula, nsungwi ili m'manja, penti akadali m'zikhadabo. Sanafune kuona mapolo akufupika, sanafune kuona mbali za msewu zikuyandikana, koma diso likaphunzira silibwerera m'mbuyo. Galimoto inadutsa polo loyamba ili yaikulu, inadutsa lina itachepa, lina itachepanso. Mkono wake unakwera wokha, diso limodzi linatsinzina lokha. Galimoto yonse, ndi mwamuna wake momwemo, inakwana kuseri kwa chikhadabo cha chala chachikulu.

Anachotsa chalacho msangamsanga, koma kumeneko kunalibenso kanthu.